Esinati ndi Dzenje la Mfumu

Mukadzamva munthu akudzitama kuti wayenda dziko lonse lapansi, mudzamufunse ngati anafikako ku Zisasinthe. Akadzati ayi, ndiye kuti wangozungulira nkhokwe ya kwawo. Zisasinthe ndi ufumu wa Mfumu Ndilipobe Wachitatu, mwana wa Ndilipobe Wachiwiri, ndipo lamulo lake lalikulu ndi limodzi lokha: chilichonse chibwerere momwe chinalili. Anthu a kumeneko ndi ansangala kwabasi. Amaseka m'mawa, amaseka madzulo, chifukwa anazindikira kalekale kuti kulira kumafuna chilolezo cha khonsolo.

Mu mzinda waukulu wa Bweranimawa munali lamulo lina lakale, ndipo kunena zoona linali lanzeru. Munthu akafuna kumanga nyumba ankayamba watenga chilolezo ku khonsolo n'kusiyako chikole. Malole onyamula njerwa ndi mchenga sachedwa kuphwanya makalavati, kugumula ngalande ndi kuswa mapaipi a madzi, choncho chikolecho chinkakhala ku khonsolo mpaka womangayo atabweza msewu momwe anaupezera. Vuto linali loti chikolecho chinali cha ndalama, ndipo ndalama za ku Bweranimawa zili ndi matenda osungunuka zikagona m'kabati ya khonsolo. Paja mbuzi imadya pomwe aimangirira.

Madandaulo atafika kubwalo la mfumu, Mfumu Ndilipobe inaitanitsa a Meya Nyambitani ndi makhansala awo onse. Anabwera atavala mikanjo yofiira dzuwa lili pamutu, thukuta lili kamukamu.

"Zikole za anthu anga zili kuti?" inafunsa mfumu.

"Mfumu ya mafumu, inu amene dzuwa limayamba lakupemphani lisanatuluke," anayankha a Meya atagwada, "chiswe."

"Chiswe chadya ndi zachitsulo zomwe?"

"Chiswe cha masiku ano, mfumu, n'chophunzira."

Makhansala anaomba m'manja. Mfumu inaganiza mozama kwambiri, mpaka ena anamva ngati ikuliza mkonono, kenako inadzidzimuka nzeru zili m'manja.

"Kuyambira lero chikole chikhale chinthu chimene khonsolo singathe kudya. Aliyense womanga asiye munthu wa m'banja mwake. Akabweza msewu momwe unalili, atenge munthu wake. Ikagwa mvula yoyamba asanatero, munthuyo agulitsidwe pa okushoni kuti apindulire dziko."

Nthungululu zinamveka bwalo lonse. Khansala wina yekha ndiye ananong'oneza mnzake kuti mfumu ikuwaderera.

Lamulolo litalengezedwa pamsika wa Tsitsaniko, mzinda wonse unagwidwa ndi mzimu womanga. Amuna amene sanagwirepo njerwa chibadwire anakatenga zilolezo zomangira makola a nkhunda, n'kusiya apongozi awo ku khonsolo. Alamu amene anabwera kudzacheza pang'ono n'kuiwala njira ya kwawo anaperekezedwa ndi ulemu waukulu, atanyamuliridwa ndi chikwama chomwe. Kuseri kwa ofesi za khonsolo anamangako mpanda, ndipo anthu anautcha Khola la Zikole.

Koma panali mayi wina amene ankafunadi kumanga. Dzina lake linali Esinati, wogulitsa kaunjika pamsikapo, mayi wa pakamwa pakuthwa ndi mikono yosatopa. Anali atatopa ndi nyumba za lendi, ndipo puloti yake inali kumapeto kwa msewu wa Pirirani. Amuna ake, a Filimoni, anali okonza maambulera. Ntchito imeneyi ili ndi ubwino wake: chilimwe chonse ankakhala pansi pa mtengo wa mango akusewera bawo, ndipo ukawafunsa ankati akudikira nyengo.

"Bambo a Mwandida," anatero Esinati tsiku lina m'mawa, "valani jekete, tikupita ku khonsolo."

"Kukatani?"

"Mukakhale chikole."

A Filimoni anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kumwamba ngati munthu woganizira tsogolo la banja lake.

"Kumeneko kuli bawo?"

"Akuti kuli atatu."

"Nanga mukuchedweranji? Tiyeni."

Ku khonsolo kalaliki anawadinda chidindo pachipumi n'kuwalozera kukhola. Esinati anabwerera kunyumba akuimba, thupi litapepuka ngati watula mtolo wa nkhuni. Ankati apumeko ku munthu wofunsa tsiku ndi tsiku ngati shuga wa m'tiyi wathawira kumudzi.

Tsono pakati pa msewu wa Pirirani panali dzenje. Ndikati dzenje musaganize kakumbi ka nkhuku. Linali dzenje lokhala ndi dzina, Gwetsamano, ndipo linali lalikulu msinkhu kuposa Mwandida, mwana wa Esinati amene anali atakwatiwa kale. Abakha a m'deralo anaphunzirira kusambira momwemo. Amayi oyembekezera amene masiku awo apitirira ankawakweza kabaza n'kuwadutsitsa pamenepo, ndipo sankafika kuchipatala ali okha.

Dalaivala wa lole ya njerwa atafika pa Gwetsamano anazimitsa injini, natsika, nasuzumira.

"Mayi, ine ndili ndi ana," anatero. "Njerwa zanu nditsitsira pompano."

Esinati sanali munthu wokangana ndi dzenje. Anabwereka wilibala, natuta zidutswa za njerwa, miyala ndi dothi la pachulu, nathira, napondaponda, nathiranso, mpaka msewu unasalala ngati mbale. Malole anadutsa akuimba mahutala. Oyendetsa kabaza ankakhotabe akafika pamalopo, chifukwa manja awo anali asanamve uthenga. Amisiri anagwira ntchito mwachangu, makoma anakwera, mitengo ya denga inakhomedwa. Anatsala malata okha, amene ankadikira lole kusitolo.

Koma kunyumba ya lendi kuja zinthu sizinkayenda. Esinati ankapezeka wapakula mbale ziwiri. Ankatsegula pakamwa kuti akalipe, n'kupeza mpando wokhawokha ukumuyang'ana. Tiyi ankamuthira shuga wochepa monga mwa masiku onse, ndipo panalibe wodandaula, moti tiyiyo sankakomanso. Mayiyu anawasowa amuna ake, ngakhale akanalolera kumeza singano kusiyana ndi kuvomera.

Anapita kukhola kuja, akuti kukangoona ngati jekete silinang'ambike. Anapeza zikole zili pachisangalalo. Apongozi ankalukana tsitsi, alamu anali atayambitsa kwaya. A Filimoni anali pampanda, masaya akunyezimira, ndipo kunja kwa mpandawo kunaima Nasibeko, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa pamsika, akulowetsa zitumbuwa zotentha pakati pa mawaya.

"Mukutani kuno, anzanga?" anafunsa Esinati, mawu ali ozizira ngati madzi a mumtsuko.

"Ndikungoona katundu okushoni isanafike," anayankha Nasibeko osachita manyazi ngakhale pang'ono. "Mwamuna wofatsa chonchi, woti ukamuika pamalo amakhala pomwepo, masiku ano sapezeka."

"Ameneyu ali ndi mwini wake."

"Idziwa ndi mitambo."

"Mayi a Mwandida, musadandaule," analowererapo a Filimoni, kukamwa kuli tho. "Ndikungodya mwaulemu."

Esinati anayang'ana kumwamba. Kum'mawa kunali kamtambo kamodzi, kakang'ono, koma kanamuwawa ngati kachitsotso m'diso. Malata anawaiwala. Anathamangira ku ofesi kukaitana woyendera misewu kuti amumasulire munthu wake.

Woyendera misewu anali bambo Gwedeza, Mkulu Woyeza Maenje. Bamboyu sankayeza ndi chingwe kapena ndodo. Ankakwera kabaza atafungatira thireyi ya mazira, ogulidwa ndi mwini mlandu, n'kudutsa msewu wonse. Dzenje lililonse ankalidziwa ndi kuchuluka kwa mazira amene linkaswa, komanso ndi malo amene linkamugunda kumsana.

Tsiku limenelo anthu a mumsewu wa Pirirani anaima m'mbali kuti aone Esinati akuyamikiridwa. Kabaza anayandikira malo a Gwetsamano. Bambo Gwedeza anatsinzina, naluma mano, nakumbatira thireyi. Kabaza anadutsa myaa. Mazira onse anali amoyo.

"Imani!" anakuwa. Anatsika, nabwerera m'mbuyo akufufuza pansi ngati wataya ndalama. "Gwetsamano ali kuti?"

"Ndinakwirira, bwana," anatero Esinati akumwetulira. "Musavutike n'kundithokoza."

Bambo Gwedeza anakhala pansi pafumbi, nagwira mutu.

"Mayi, mwapha dzenje la mfumu."

"Dzenje limafa, bwana?"

"Mukudziwa kuti chaka ndi chaka khonsolo imakhala pansi kugawa ndalama zokonzera dzenje limeneli? Mukudziwa kuti makhansala apita maiko akutali kukaphunzira za maenje chifukwa cha iyeyu? Ana awo aphunzira mpaka kunja ndi dzenje limeneli! Nanga mfumu? Chikondwerero chilichonse imalonjeza kuti chaka chino Gwetsamano akwiriridwa. Tsopano ilonjeza chiyani? Mwailanda mfumu lonjezo lake, mayi, dzuwa likuswa mtengo!"

Khonsolo inakumana mwadzidzidzi madzulo omwewo. Makhansala anaima chilili kukumbukira malemu, ndipo a Meya Nyambitani analira mpaka anawagwirizira. Mbendera inatsitsidwa pakati. Chigamulo chinatuluka: msewu wa Pirirani watsekedwa kwa malole onse, ndipo Esinati abweze Gwetsamano momwe analili, kuya kwake, ukali wake ndi madzi ake. Akalephera mvula yoyamba isanagwe, a Filimoni apita pa okushoni.

M'mawa mwake pamsika nkhani inali yomweyo.

"Tikanadziwa kuti ndi chuma cha dziko bwenzi tikulithira feteleza," anatero mayi wa tomato.

"Ine ndiye ndikufunsa," anatero wogulitsa makala. "Malole omanga nyumba yatsopano ya mfumu athyola mlatho wa kumtsinje. Mfumuyo inasiya ndani ngati chikole?"

Mkulu wina wokhoma zidebe anayankha osadzutsa mutu: "Nanga inu mukuganiza kuti tonsefe tikudikira chiyani m'dziko muno? Khola lake n'lalikulu chabe, mpanda simuuona."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Esinati yekha sanaseke, chifukwa patsidya pa benchi yake Nasibeko ankayesa duku latsopano akudziyang'ana pa kagalasi.

Anabwereka piki ndi fosholo, nayamba kukumba ntchito ya manja ake omwe. Tsoka lake linali loti anakwirira bwino kwambiri. Dothi la pachulu lija linali litagwirana ndi miyala ngati simenti, ndipo pofika pokumba dzenje looneka, m'manja mwake munali matuza okhaokha. Anagula mazira ena n'kuitana bambo Gwedeza.

Kabaza anagwera m'dzenjemo n'kutuluka. Bambo Gwedeza anasuzumira m'thireyi, napukusa mutu.

"Ayi. Gwetsamano ankandigunda apa, pamwamba pa lamba, mpaka ndinkakumbukira mayina a makolo anga. Ili likungondigirigisha. Komanso madzi ali kuti?"

"Madzi abwera ndi mvula, bwana."

"Mvula ikagwa nthawi yatha."

"Nanga ndiye nditani?"

"Lamulo silifunsa nanga, mayi."

Mazira osweka anawatenga kuti akawapime. Osasweka anawatenga kuti akakhale mboni.

Kutacha tsiku lotsatira mphepo inasintha. Kumwamba kunada bii, ndipo fungo la mvula linamveka ngakhale kwa a chimfine. Esinati analowa m'dzenje muja yekha, misozi ikulengeza m'maso, mantha atamugwira kwa nthawi yoyamba. Anaona m'maganizo mwake a Filimoni atakhala pakhonde la Nasibeko, akumwa tiyi wa shuga wochuluka, osadandaula chilichonse.

Koma anthu a ku Zisasinthe sasiya mnzawo yekha pa ntchito yopusa. Amayi a pamsika anafunditsa mabenchi awo n'kubwera ndi makasu. Okonza njinga, amene malonda awo anafa tsiku limene dzenje linakwiriridwa, anabwera akuthamanga ndi zitsulo zokumbira. Wozula mano wa pakona anabwera ndi fosholo ziwiri. Wina anayambitsa nyimbo, ena anavomera, dothi likuuluka, ndipo odutsa ankafunsa ngati pali ukwati. Chitukuko chotere, chogwirana manja mudzi wonse, chinali chisanaonekepo mu ufumuwo.

Esinati anali pakati penipeni. Akakweza piki ankatchula dzina.

"Nasibeko!" Piki pansi. "Ndi zitumbuwa zake!" Piki pansi. "Ndi duku lake!"

Pa dukupo piki inalira ngwee, ndipo pansi panatuluka madzi, kuthovoka mpaka kupitirira madenga. Inali paipi yaikulu ya khonsolo. Anthu a m'deralo anali asanaone madzi a m'paipi chichokereni Ndilipobe Wachiwiri, moti ena anayamba athawa kaye. Kenako nthungululu, zidebe, mabeseni, mapoto, ana ali buno bwamuswe m'matope. Dzenje linadzaza mpaka m'milomo, ndipo abakha anafika ali pamzere ngati anaitanidwa ndi kalata.

Esinati anaima m'madzi ofika m'chiuno, mtima utazizira. Dzenje anali atalibweza, koma tsopano anali ataswa chinthu chenicheni, chimene chikole chija chinaikidwira. Ndipo kabaza wa bambo Gwedeza anali akubwera chapoteropo, thireyi ili pamiyendo.

Woyendetsa kabaza anafuna kuima, koma bwana analamula kuti apalase. Analowa. Gudumu lakutsogolo linamira, lakumbuyo linaloza kumwamba, mazira anauluka ngati mbalame, ndipo Mkulu Woyeza Maenje anasowa kwa kanthawi. Atavuuka, chikasu cha dzira chikutsika pamphuno, anatambasula dzanja. M'dzanjamo munali dzino.

"Ndi iyeyu!" anafuula mwachimwemwe, nkhope ikuwala. "Wabwerera! Wabweranso ndi mphamvu zina!"

"Nanga paipiyi, bwana?" anafunsa Esinati ndi mawu aang'ono.

"Paipi iti?"

"Imene ikukunyowetsaniyi."

"Mayi, khonsolo inalengeza kalekale kuti m'mapaipi a dera lino mulibe madzi. Paipi yopanda madzi ingataye bwanji madzi? Musandiphunzitse ntchito. Bweretsani mkono."

Anatulutsa chidindo m'thumba la malaya, nachiuzira mpweya, namudinda pamkono mawu aulemu kuposa onse mu ufumuwo: MOMWE ZINALILI.

Kumwamba kunagunda. Esinati anaphimba chidindocho ndi dzanja linalo n'kuliyatsa liwiro, matope ali thupi lonse, nsapato imodzi itatsala m'mimba mwa Gwetsamano. Anadutsa pamsika ngati mphepo, agalu akumutsatira.

Ku Khola la Zikole tebulo la okushoni linali litayalidwa kale. Woitanira malonda anagwira hamala kudzanja lamanja, lamanzere atalitambasulira kumwamba kudikira dontho loyamba. A Filimoni anawaimika pa mpando kuti aoneke bwino, atawapesa ndi tsitsi lomwe. Kutsogolo kwenikweni kunakhala Nasibeko, duku latsopano lili ngwi, kachikwama ali nako pachifuwa.

"Ameneyo ndi wanga!" anakuwa Esinati ali pachipata. "Tsitsani!"

Anakankha anthu, nafika patebulo, nayalula mkono pamaso pa kalaliki. Kalaliki anavala magalasi mosafulumira, nawerenga chilembo chimodzichimodzi ngati mwana wa sitandade wani, kenako anagwedeza mutu. A Filimoni atangoponda pansi, dontho lalikulu linagwa pa dazi la woitanira malonda. Nasibeko anatsonya mokweza, ndipo pofuna kuti asabwerere chimanjamanja, anagula apongozi a munthu wina.

Mvula inatsika ngati yasungidwa zaka. Awiriwo anayenda mumsewu wa Pirirani atanyowa chapachapa, chifukwa wokonza maambulera analibe ambulera. Esinati anawakalipira njira yonse, za zitumbuwa, za masaya, za jekete lothimbirira mafuta, ndipo mawu aliwonse ankamukoma pakamwa ngati uchi. Anazungulira Gwetsamano mwaulemu, nakafika pa puloti yawo. Analowa pakhomo la nyumba yatsopano, naima pabalaza, mvula ikuwagwera pamutu kudutsa m'mitengo ya denga.

"Nyumba yabwino," anatero a Filimoni akupukuta kumaso. "Mphepo ikulowa mokwanira. Malata ali kuti?"

"Kusitolo."

"Lole siidutsa pajapa."

"Ndikudziwa."

"Ndiye kuti mpofunika kukwiriranso, kutenganso chilolezo, n'kusiyanso chikole." A Filimoni anakhosomola pang'ono, nayang'ana kumbali. "Ngati zafika pamenepo, mayi a Mwandida, ine ndikhoza kudzipereka chifukwa cha banja. Kujaku sikoipa kwenikweni."

Esinati anawagwira padzanja, kugwira kwa munthu amene wakumba dzenje la mfumu ndi manja ake.

"Paja amati mutu umodzi susenza denga," anatero. "Iwiri isenza. Tiyeni kusitolo."

Madzulo amenewo anthu obisala mvula m'makonde a pamsika anaona lata likuyenda ndi miyendo inayi, mvula ikuliimba ngati ng'oma. Pofika pafupi ndi benchi ya zitumbuwa miyendo yakutsogolo inachedwa pang'ono, ndipo pansi pa latalo panamveka mawu a bambo.

"Mayi a Mwandida, bwanji mutsogole ndinu? Njira mukuidziwa bwino."

"Yendani, bambo. Inu patsogolo, kuti ndizikuonani."